Achemwali, musamupatse nkhani yanuyo msanamve zomwe zinandigwera ine

Achemwali, mwafunsa pa gulu lino za munthu amene akukupemphani nkhani yanu, koma ine sindingakulimbikitseni kuti mumupatse munthuyo nkhani ya moyo wanu kuti akaiike pa tsamba lake la Facebook, ngakhale akulonjezeni kuti anthu ochuluka adzaiwerenga, chifukwa lonjezo lomwelo ndi limene linandipusitsa ine, ndipo mpaka lero ndikafika kumudzi kwathu ku Malindi, m'boma la Mangochi, pali abale ena amene amandipatsa moni akuyang'ana kumbali.

Ambiri a inu mukukumbukira kuti gulu lathu la pa intanetili linakula m'chaka cha 2020, sukulu zitatsekedwa m'mwezi wa Marichi chifukwa cha Covid-19, pamene aphunzitsi ambirife tinali khale pakhomo opanda chochita. Tinkalemba za ana athu, za mitengo ya zinthu pamsika wa pa boma, za kukwera njinga za kabaza kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi, ndipo aliyense akalemba anzake ankawerenga ndi kuyankha. Bambo amene anandilakwirayo anali mmodzi wa oyankha mokhulupirika. Ankandikonzera kalembedwe, ankanditcha mlongo wake, ndipo tsiku lina bandulo yanga itatha ananditumizira mayunitsi ndisanapemphe n'komwe. Munthu wotero mungamukayikire bwanji?

Mlongo wanga weniweni, wamng'ono wobadwa naye bere limodzi, anali siginala pa boti la usipa ku Makanjira. Kwa amene simudziwa za panyanja, siginala ndi amene amakhala yekha m'bwato ndi nyali usiku, kukopa usipa kuti usonkhane, kenaka alovi, asodzi anzake, n'kuuzinga ndi ukonde wa chilimira. Usiku wina m'mwezi wa Juni mwera unawuka mwadzidzidzi n'kugubuduza bwato lake, ndipo thupi lake linapezeka patatha masiku atatu. Nditabwerera ku boma kuchokera kumaliro tulo sitinkabwera, choncho ndinalemba zonse: mmene amayi anakhalira pamchenga masiku atatuwo osadya kanthu, mmene usipa wa dzulo lake unali chiyanikire pa thandala popanda woutembenuza, ndi mmene mlamu wanga anakanira kuchapa malaya amene mwamuna wake anasiya atakoleka pa msomali. Ndinailembera inuyo, anzanga, chifukwa ndinkafuna anthu olira nawo. Bamboyo anandifunsa kumbali ngati angaigawe kuti anthu adziwe zowawa zimene asodzi amakumana nazo, ine ndinavomera, ndipo ndinamutumizira ngakhale chithunzi cha ana awiri amasiyewo atakhala pakhonde.

Ndinadzadziwa zomwe anachita pa tsiku la sadaka ya masiku makumi anayi. Ashehe anali atangomaliza duwa, amayi a m'mudzi akupakula mpunga m'mabeseni kuseri kwa nyumba, pamene amalume ananditumizira mwana kuti ndipite pansi pa mtengo wa mango pomwe panakhala akuluakulu a mbali zonse ziwiri. Ndinagwada monga mwa mwambo. Iwo sanandiyankhe moni, koma anandipatsira foni yagalasi long'aluka, ndipo ndinaona mawu anga omwe, chiganizo ndi chiganizo, dzina langa litachotsedwa, chithunzi cha ana chili pamwamba, ndipo pansi pake pali nambala yotumizirapo ndalama ndi pempho lakuti anthu athandize mayi wamasiye. M'munsimo anthu anali kulemba kuti atumiza kale, ena ali ku Johannesburg, ena ku Cape Town, chifukwa mukudziwa kuchuluka kwa ana a kuno ku Mangochi amene ali ku Joni, ndipo mmodzi wa iwo ndi amene anaimbira amalume kufunsa ngati thandizolo lafika. Amalume anandifunsa pamaso pa anthu onse kuti ndalamazo zili kuti. Achimwene a mlamu wanga ananena kuti ndagulitsa maliro a mlongo wanga. Ndinayesa kufotokoza, koma mungawafotokozere bwanji okalamba kuti munapereka chithunzi cha ana amasiye kwa mwamuna amene simunamuonepo ndi maso? Chimene chinandibaya kwambiri si mawu awowo ayi. Amayi anali ataima chapatali ndi mtsuko wa madzi osambitsa m'manja, ndipo atamva zonse anautsitsa pansi pang'onopang'ono, n'kulowa m'nyumba osanena kanthu. Mpunga wa tsiku limenelo sindinaulawe.

Usiku womwewo ndinamuimbira bambo uja, foni inangoitana. M'mawa anandiyankha ndi uthenga wakuti nkhani ikangoikidwa pa intaneti imakhala ya aliyense, ndipo kuti ine ndimuthokoze chifukwa wanditchukitsa. Ananditchukitsa bwanji dzina langa atalifufuta? Munthu wopanda chisoni, wodyera pa misozi ya ana osakwana zaka khumi, amene anakhala nafe zaka zonsezi akutiwerenga ngati msodzi woyang'ana pomwe nsomba zawirira. Ndikukhulupirira kuti ngakhale mayunitsi aja inali nyambo chabe. Mlamu wanga sanalandire ngakhale tambala imodzi, koma anthu a m'mudzi anakhala miyezi akumunena kuti wabisa ndalama, ndipo mayi amene ankamukongoza ufa anasiya kumukongoza.

Zimene bamboyo ananena, zakuti nkhani ya pa intaneti ndi ya aliyense, ndi bodza, ndipo ndikufuna aliyense pano adziwe. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zolemba zanu kuyambira pomwe mwazilemba, ngakhale musanazilembetse kulikonse, ndipo bungwe la Copyright Society of Malawi (COSOMA) lilipo kuti liziyang'anira za umwini wa ntchito zotere. Palinso lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la chaka chomwecho lokhudza milandu ya pa intaneti, ndipo kutolera ndalama mwachinyengo ndi mlandu wa kupolisi. Ine sindinapite kulikonse, chifukwa manyazi anandifooketsa ndipo ndinkaopa kuti nkhani ya mlongo wanga idzakokedwanso pagulu. Ndimadandaula nazo, chifukwa tsamba lija anangolisintha dzina.

Komabe, achemwali, musatseke nkhani yanuyo m'kabati. Ilembeni, itumizeni pano, ndipo ngati mtima wanu ukumukhulupirira munthuyo, muloleni aigawe, pokhapokha agawe kuchokera pa tsamba lanu lenileni kuti dzina lanu lionekere, osati kukopera mawu. Mgwirizano wanu ukhale wolembedwa ndipo muujambule pa foni, zithunzi za ana musapereke, ndipo mayina a mudzi ndi a abale muwasinthe, komanso muyambe mwawauza eni nkhaniwo, chinthu chimene ine sindinachite kwa mlamu wanga. Ndikunena kuti musaleke kugawana chifukwa amene anandichotsa manyazi ndi anthu a m'gulu lomwelino. Amayi awiri amene ndinali ndisanakumanepo nawo, wina wa ku Monkey Bay ndi wina wa ku Namwera, anafukula nkhani yanga yoyamba ija ndi tsiku limene ndinaitumiza pamodzi ndi mauthenga a bamboyo, anakazisindikiza pa pepala, n'kukwera nane galimoto mpaka ku Malindi kukaziwerenga pamaso pa amalume. Amalume anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anaitanitsa tiyi. Amayi anayamba kundiyankhulanso sabata yomweyo, ngakhale abale ena a mlamu wanga akadali ndi chikayiko chawo.

Ngati muli pafupi ndi boma, ndilembereni kumbali tikumane Loweruka pa nsanja ya wotchi ija ya pafupi ndi mlatho, mubwere ndi mauthenga onse amene wakutumiziraniwo tidzawawerenge limodzi musanamuyankhe.