Kufiira kwa maso kuli ndi magwero ambiri

Mayi, mwafunsa chimene chimachititsa kuti maso afiire ndi kutupa, popeza ana anu awiri adwala motsatizana ndipo mankhwala odontheza amene anzanu anakupatsani sanathandize. Kufiira kwa diso ndi chizindikiro chabe cha matenda osiyanasiyana, moti mankhwala amene anachiritsa wina akhoza kuvulaza mnzake.

Malinga ndi mmene mwafotokozera, ndikuganiza kuti ana anu agwidwa ndi mavairasi, makamaka a mtundu wa adenovirus, amene amatupitsa kakhungu kopyapyala kokuta mbali yoyera ya diso ndi mkati mwa chikope. Diso limatuluka misozi yamadzimadzi, munthu amamva ngati mwalowa mchenga, ndipo kawirikawiri matendawa amayamba diso limodzi n'kulowa linalo patapita masiku ochepa, nthawi zina limodzi ndi chimfine. Amafala kudzera m'manja ndi m'zinthu zogwiritsa ntchito limodzi monga thaulo ndi pilo. Zoti munthu amawatenga pongoyang'anizana ndi wodwala si zoona. Amatha okha pakadutsa sabata imodzi kapena ziwiri, nthawi zina zitatu, ndipo mankhwala opha mabakiteriya sachita kanthu pa mavairasi, n'kutheka kuti n'chifukwa chake simunaone kusintha.

Mabakiteriya amadziwika ndi manthongo. Mwana amadzuka m'mawa zikope zitamatirirana ndi mafinya achikasu kapena obiriwira, mukamupukuta ndi kansalu konyowa, pakapita kanthawi atulukanso ena. Apa mpamene mankhwala odontheza kapena opaka a antibayotiki amathandiza, koma akhale olembedwa ndi a chipatala. Palinso kufiira kosapatsirana, kumene kumabwera thupi likadana ndi fumbi, utsi, mungu wa zomera kapena ubweya wa ziweto. Chizindikiro chake chachikulu ndi kuyabwa kwa maso onse awiri, ndipo kumakonda kubwerera nyengo yomweyomweyo chaka ndi chaka.

Zimene ndatchulazi kawirikawiri siziwononga kuona. Choopsa ndi pamene matenda afika pa kagalasi koonekera kakutsogolo kwa diso. Munthu akalasidwa m'diso ndi udzu, tsamba kapena kamtengo, pabalapo pakhoza kulowa mabakiteriya kapena fangasi (tizilombo ta gulu limodzi ndi tija toyambitsa zipere), ndipo patapita masiku pamaoneka kadontho koyera, diso likupweteka kwambiri ndi kukana kuwala. Vairasi ya herpes, ija imatulutsa timatuza pamilomo, nayonso imachita zilonda pamalo omwewa, ndipo mashingozi akatuluka pachipumi ndi pamphuno amatha kulowa m'diso. Chilonda chotere chikachedwa kuthandizidwa chimasiya chipsera chimene chimatchinga kuona mpaka kalekale. Ichi n'chifukwa chake mankhwala obwereka ndimawaopa: ena mwa iwo amakhala ndi steroid, amene amachotsa kufiira msanga munthu n'kuyesa wachira, pamene chilonda cha herpes kapena fangasi chikukulirakulira. Kuthira m'diso madzi a zitsamba kapena mkodzo n'koopsa chimodzimodzi, chifukwa kumalowetsa tizilombo tina pamalo odwala kale.

Kutupa kwina kumayambira mkati mwenimweni mwa diso, ndipo gwero lake limatha kukhala matenda a m'thupi monga chifuwa chachikulu, chindoko kapena mitundu ina ya nyamakazi. Manthongo sakhalapo, koma diso limawawa chamkati ndipo munthu amaona mwachimbuuzi. Ana odwala chikuku, makamaka amene thupi lawo likuperewera vitamini A, nawonso maso awo amafunika kuwayang'anitsitsa.

Ngati panyumbapo pali khanda losakwana masiku 28, lisagwiritse ntchito nsalu imodzi ndi odwalawo, ndipo likangotupa zikope n'kumatuluka mafinya, lipite kuchipatala tsiku lomwelo. Kwa ana ongobadwa kumene matendawa amathanso kuchokera ku chinzonono chimene mwana amatenga pobadwa, chimaonekera pakati pa masiku 2 ndi 5, ndipo chikhoza kuboola diso m'masiku owerengeka.

Kwa ana anuwo, lekani kaye mankhwala obwerekawo, muziwapukuta maso ndi madzi owiritsa atazizira, diso lililonse kansalu kakekake, ndipo aliyense azisamba m'manja ndi sopo pafupipafupi. Mukaona kuti wina akudandaula ululu waukulu, akulephera kutsegula maso poyera, sakuona bwino, kapena padutsa sabata zinthu zikuipiraipira, mupite naye akamuyeze maso.