Mwana wanga wayamba kulankhula yekha, tidikire kaye?

Mayi wina wandilembera pa imelo za mwana wawo wamwamuna wa zaka 19. Chilembereni mayeso a Fomu 4, mnyamatayu satuluka m'chipinda, usiku sagona, kusamba anasiya, ndipo tsopano akuti wailesi ikumunena. Amalume ake akuti walodzedwa. Mayiwo akufunsa ngati adikire kaye.

Mayi, musadikire. Ambirife timati munthu wadwala misala akavula zovala n'kumatola zinyalala pamsika. Koma matendawa amayamba mwakachetechete, monga mwafotokozeramu, ndipo kawirikawiri amagwira anthu a msinkhu wa mwana wanuyu. Akachedwa kulandira chithandizo, kuchira kumavutanso. N'chifukwa chake mu 1992 dokotala Patrick McGorry ndi anzake anatsegula ku Melbourne, m'dziko la Australia, malo othandizira achinyamata ongoyamba kumene kudwala.

Pitani naye kuchipatala chachikulu cha m'boma lanu, mufunse namwino woona za matenda a maganizo. Ndikudziwa kuti mtima wanu wathamangira ku Zomba Mental, koma ambiri amangolandira mankhwala n'kubwerera kwawo. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kulinso zipatala za matenda a maganizo za St John of God. Akamuyeze thupi lonse, poti malungo aakulu ndi matenda ena amasokonezanso mutu. Ngati amasuta chamba, musabise.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi zochitika pakhomo. Akanena za wailesi ija, musamuseke, musakangane naye, komanso musavomereze. Kwa iye mawuwo ndi enieni. Khalani naye pansi, mutsitse mawu, munene kuti: "Ine sindikuwamva mwanawe, koma ndikuona kuti ukuchita mantha." Musamuitanire abale onse kuti amukhazike bwalo, ndipo chingwe kapena chikwapu zisayandikire. Nsima ikapsa muitaneni adye nanu, ngakhale atangodya ntongo ziwiri n'kunyamuka. Mpempheni akathirire dimba.

Kupemphera pempherani ndithu, koma wina asakuuzeni kuti mutaye mapiritsi. Mankhwala ena monga haloperidol amatha kuumitsa khosi kapena kunjenjemeretsa manja. Zikatero bwererani kuchipatala akachepetse mlingo kapena akasinthe mankhwala. Akayamba kupeza bwino asasiye kumwa yekha, poti matendawa amatha kuyambiranso.

Inunso pezani m'bale wokhulupirika woti muzisinthana naye, muzipumako. Koma akangotchula zodzipha, kapena akakana kudya ndi kumwa, nyamukani naye tsiku lomwelo.