Kuwolokera chaka ku Edinburgh

Achemwali, mwafunsa ngati ndi nzeru kupita ku Edinburgh, ku Scotland, kumapeto kwa Disembala, komanso ngati mungapezeko malo opempherera. Pitani ndithu, koma mukonzekere mdima. Dzuwa limatuluka cha m'ma 8:40 m'mawa, ikamakwana 4 koloko madzulo kwada kale. Mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa, ndiye jekete lochindikala, chipewa ndi magolovesi musaziiwale.

Usiku wa pa 31 amautcha Hogmanay. Msewu wa Princes Street umadzaza anthu, ndipo kuti mulowe m'chisangalalocho pamafunika tikiti. Ine nditapitako, phokosolo silinandikoke. Masana ndinakakhala phee m'tchalitchi cha St Giles pa msewu wa Royal Mile, manja ali m'thumba, ndikusinkhasinkha Salimo 90, pomwe Mose akupempha Mulungu kuti atiphunzitse kuwerenga masiku athu. Chaka chimenecho tinali titaika bambo m'manda, ndipo misozi inangotsika yokha.

Mukatuluka, tsetserekerani ku Princes Street Gardens mukaone chiboliboli cha David Livingstone. Ife a ku Blantyre sitingachidutse osaima. Zakudya muguliretu, chifukwa pa 1 ndi pa 2 Januwale ku Scotland ndi tchuthi.