Amalume ako anyamule kampando kawo

Mnyamata wina wa muno mu Lusaka wandilembera. Ali ndi kakampani ka zomangamanga, amalume ake ndi khansala, ndipo m'wodi mwawo mukubwera ntchito yokumba ngalande ndi ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'konsitichuwense. Akufunsa kuti kodi akawaone bwanji amalumewo kuti amukumbukire, anyamule nkhuku kapena angowatumizira kenakake pafoni.

Za nkhukuzo sindiyankha, mdzukulu wanga. Nkhuku kwa amalume umapereka ngakhale kulibe tenda, ndipo ngati sunaperekepo chibadwire, usayambe mwezi uno. Ukanandifunsa kuti tsiku limene dzina la kampani yako lidzatchulidwe pamsonkhano, amalume ako adzakhale pati.

Ine ndinakulira ku Katete, kwa Kalonga Gawa Undi. Agogo anga aamuna anali nduna ya nyakwawa ya m'mudzi mwathu. Chaka china ng'ombe za mwana wa mlongo wawo zinalowa m'munda mwa mayi wamasiye, chimanga chitangomasula, n'kudya mpaka kusiya mapesi okhaokha. Mlandu unapita pabwalo, pansi pa kachere. Anthu atakhala, mfumu isanayankhule, agogo anaimirira, nawomba m'manja, n'kunena kuti: "Mfumu, mwana uyu ndi wanga. Lero ndilibe makutu." Ananyamula kampando kawo, n'kudzakhala kumbuyo komwe tinali ife ana. Ndimakumbukirabe fungo la fodya wawo, ndi momwe ankatikhwekhweretsera ndodo pansi tikayamba kunong'onezana. Mlandu wonse sanatsegule pakamwa. Mnyamatayo anamugamula mbuzi ndi madengu a chimanga.

Madzulo ake agogo analowa m'khola mwawo, natulutsa mbuzi yawoyawo, n'kumupatsa kuti akalipire. Paja chibale ndi fupa, sichiwola. Koma chibalecho anachilipira ndi mbuzi ya m'khola mwawo, pabwalo sanachibweretse.

Usaganize kuti agogo akanakhala pampando akananama. Munthu uja bodza sankalidziwa. Vuto linali la nduna zinzawo. Mungamudzudzule bwanji mwana, amalume ake ali pambali panu, munthu amene mumamwera naye chikho chimodzi? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndiye mwini mkhate ankauchotsa yekha, asanauzidwe. Woyankhulira mwanayo analipo, nkhoswe yake, ndipo aliyense ankadziwa kuti ameneyo waimira mbali iti. Nkhoswe sinkagamula. Masiku ano munthu mmodzi akufuna akhale nkhoswe m'mawa, nduna masana, madzulo n'kukalandira yake.

Ana inu mukamva za lamulo mumayesa zinabwera pandege. Lamulo lolimbana ndi ziphuphu la 2012 limati wogwira ntchito ya boma akaona kuti nkhani imene ikukambidwa ikukhudza thumba lake kapena la m'bale wake, aulule mochita kulemba, asavote, asayankhulepo. Si kampando ka agogo kaja kameneko? Angowonjezerapo pepala ndi cholembera, komanso a ACC, bungwe lolimbana ndi ziphuphu, amene amagogoda pakhomo ukaiwala.

Kale CDF inali K1.6 miliyoni pakonsitichuwense, mu 2022 inafika K25.7 miliyoni, ndipo yakhala ikukwerabe. Mphika utakula choncho, abale amene sankadziwana ayamba kukumbukirana. Udziwenso kuti tenda siperekedwa ndi khansala, pali komiti ya zogulagula ya kukhonsolo. Koma khansala akangoimba foni n'kunena kuti "mumuone bwino mwanayo", kalaliki amene akufuna kusunga ntchito yake atani? Mu 2020 boma linaimitsa makhonsolo a Lusaka ndi Kitwe kwa miyezi itatu pa nkhani ya kagawidwe ka mapuloti. Ine nditamva pawailesi ndinangoti, akanakhala ndi agogo anga mmodzi yekha m'chipindamo.

M'komboni momwe ndinafikira nditabwera m'tauni muno, ngalande ina inamangidwa ndi mlamu wa munthu wamkulu, dzina ndisunge. Simenti ankangonunkhiza. Mvula yoyamba inaigumula, madzi n'kudzaza m'nyumba, zimbudzi n'kusefukira m'zitsime zomwe tinkatunga. Tonse tinkadziwa womanga, koma woti akadandaule panalibe, chifukwa wolandira dandaulo anali yemwe uja anapereka ntchito. Ine ndinagona masiku atatu pamwamba pa tebulo ndi ana awiri. Iwe unaona wekha mu Januwale 2024 bwalo la masewera la Heroes litasanduka chipatala cha kolera, masukulu n'kuchedwa kutsegulidwa. Ngalande imene ukuifunayo idzadutsa pakhomo pa anthu.

Sindikuti usiye ntchito yako, ayi. Ndakondwa kuti mwana wa mtundu wathu akugwira fosholo m'malo moyendayenda ndi makada a chipani. Konza mapepala ako, a PACRA olembetsa makampani, a ZRA a misonkho, a NCC oyang'anira zomangamanga, upikisane ngati wina aliyense. Kukanakhala kufuna kwanga ukanayamba wayesa kuwodi ina, komwe dzina la amalume ako silikufika, chifukwa kwanuko ngakhale utapambana mwachilungamo, amayi apamsika adzati "tinadziwa kale". Koma ngati mtima wako uli pamenepo, pita kwa amalume masana, dzuwa likuswa mtengo, ukhale pansi, uwauze kuti waponya pepala ndipo ukupempha kuti pankhaniyo asakhalepo. Iwo alembe kalata yawo, ilowe m'maminitsi, atuluke. Zokakumana m'galimoto ya magalasi akuda kuseri kwa bala, kapena mauthenga a WhatsApp amene mumafufuta mukangowerenga, zimenezo sindizimvetsa. Ife nkhani ya pachibale tinkaikamba pakhonde, odutsa akutipatsa moni.

Amalume ako mwina sadzavuta. Amene adzavute ndi amayi ako. Adzati mlongo wanga wakhuta, waiwala kuti ndinkamubereka kumbuyo. Mlongo wa agogo uja naye anatero, anatha mwezi wathunthu osawapatsa moni, akakumana kuchitsime kapena kumaliro ankayang'ana kumbali. Anadzabwera yekha ndi mphika wa thobwa, mbuzi ija itakumbukiridwa.

Amayi ako akayamba zimenezo usalimbane nawo, si msinkhu wako. Ubwere nawo kuno Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, ndiyankhula nawo ndine. Masamba a tiyi ndili nawo, shuga mugule panjira.