A kochi akapuma pamaikolofoni chifukwa cha matenda ndi zovuta, kalabu ichite chiyani?

A Mlembi, pepani kwambiri ndi zovuta zagwa ku timu kwanuko. Funso lanu talimva motere: a kochi a timu yanu ya mu ligi ya chigawo chapakati, kuno ku Lilongwe, angoika kumene mayi akunyumba, iwonso m'thupi simuli bwino ndipo akuyendera kuchipatala. Ku tireningi ndi pabenchi akuti azibwerabe, koma zolankhula ndi atolankhani akana. Mukufuna kudziwa ngati n'zololedwa, komanso muwauze chiyani atolankhani ndi masapota omwe ayamba kale kufunsa.

N'zotheka ndipo sizachilendo, koma musazisiye kuti zingoyenda zokha. A kochi akasowa pamaikolofoni masewero awiri popanda mawu ochokera ku kalabu, anthu amadzilembera okha nkhani. Wina ati akangana ndi komiti, wina ati sanalipidwe miyezi itatu, wina atchula matenda omwe ngakhale dokotala sanawatchule. Ntchito yomwe a kochi aitula pansiyo ipeze woinyamula wodziwika dzina, ndipo anthu auzidwe tsiku lomwelo kuti woinyamulayo ndi uje.

Yambani n'kukhala nawo pansi kunyumba kwawo, mwambo wa maliro utatha ndipo achibale ambiri atabalalika. Pitani anthu awiri okha, inu ndi wapampando kapena timu manejala, osati komiti yonse ngati mukukazenga mlandu. Mawu oti "atolankhani" amabisa ntchito zingapo, ndiye muziwerengere limodzi: kulankhula masewero asanayambe, kulankhula atangotha, mafoni a mawailesi m'kati mwa sabata, timavidiyo ta pa tsamba la Facebook la kalabu, ndi zochitika za othandiza timu kapena mwambo wa mayere a chikho. Pa chilichonse afunseni ngati achisiya kapena ayi. Ena amakana maikolofoni ya pabwalo koma amalola kukuuzani inu ziganizo zitatu za mmene timu yakonzekera kuti mukalembe pa tsamba la kalabu. Zimenezo zimathandiza kwambiri chifukwa masapota amamvabe mawu awo.

Funso lachiwiri ndi lolemera kuposa loyambalo: n'chiyani chomwe alola kuti chinenedwe? Za maliro anthu akudziwa kale, ambiri adakhuza. Za matenda ndi zawo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo ngakhale popanda lamulo, dzina la matenda, chipatala chomwe akupitako ndi mankhwala omwe akumwa si katundu wa kalabu. Akalola mawu oti "zaumoyo", lembani amenewo basi. Akakana, lembani "zifukwa za m'banja" n'kusiyira pomwepo. Ngakhale osewera sikuti ayenera kudziwa dzina la matenda. Louis van Gaal, yemwe panthawiyo anali mphunzitsi wa timu ya dziko la Netherlands, adaulula mu Epulo 2022 kuti ali ndi khansa ya prostate, ndipo adanena yekha kuti osewera ake a Netherlands sankadziwa nthawi yonse yomwe ankalandira thandizo. Timu idayenda.

Chikalata chopita kwa anthu chikhale chachifupi, ziganizo zisanu zakwana. Mwachitsanzo: "Kalabu ikudziwitsa onse kuti mphunzitsi wathu wamkulu ayamba apuma kulankhula ndi atolankhani pa zifukwa za m'banja ndi zaumoyo. Akupitiriza ntchito yophunzitsa timu. Mafunso a masewero aziyankha wachiwiri wawo, ndipo ena onse apite kwa mlembi wa kalabu. Tikupempha kuti banja lipatsidwe mpata. Tidzanenanso pakakhala chosintha." A kochi achiwerenge ndi kuvomera liwu lililonse chisanatuluke. Chiganizo chachiwiricho musachidumphe, ndi chomwe chimapha mphekesera yoti achotsedwa ntchito.

Musalembe tsiku lobwerera. Apa ndi pomwe makalabu ambiri amadzikola okha. Mukalemba kuti "abwerera pakatha masabata awiri", tsiku la 15 foni yanu iyamba kulira, ndipo akapanda kubwerera nkhani imakhala yoti matenda akula. Chisoni chilibe kalendala, ndipo dokotala atha kusintha mankhwala kapena kuwagoneka m'chipatala mosayembekezera. Chomwe mungaike ndi tsiku la inu nokha, lolembedwa m'maminitsi a komiti, loti mudzakhalenso pansi ndi a kochi kuona mmene zilili, tinene pakatha masabata anayi kapena masewero anayi. Tsiku limenelo anthu akunja asalidziwe.

Ndipo chonde musaname. Kunena kuti a kochi apita ku kosi ya CAF, bungwe la mpira la mu Africa, kapena ali kumudzi kumaoneka ngati kuwateteza, koma Lilongwe ndi wochepa pa nkhani ngati izi. Wina akawaona pamzere ku Kamuzu Central, ajambula, aponya pa gulupu, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chomwe kalabu inganene palibe achikhulupirire. Kukana kuyankha n'kololedwa, bodza ndi lomwe limabwerera.

Pouza anthu pali ndondomeko yake, ndipo zonse zichitike tsiku limodzi. Oyamba ndi osewera, pamaso, tireningi isanayambe, a kochi alipo kapena palibe malinga n'kufuna kwawo. Auzeni zomwe zili m'chikalata, n'kuwonjeza lamulo limodzi: mtolankhani akafunsa za a kochi, yankho ndi loti afunse a mlembi. Kaputeni mumuuze payekha chifukwa ndi amene amaitanidwa pamaikolofoni. Kenako kalata ipite ku bungwe loyendetsa ligi yanu, kwa inu ndi Central Region Football Association, ya matimu a mu Super League ikadapita ku SULOM. Musanalembe, werengani malamulo a mpikisano womwe mukusewera, makamaka ngati muli m'chikho choyendetsedwa ndi FAM, bungwe la mpira la dziko lino, monga FDH Bank Cup, muone zomwe akunena pa zolankhula ndi atolankhani. M'kalatamo tchulani dzina ndi udindo wa amene azilankhula m'malo mwa a kochi, ndipo kope lake timu manejala aziyenda nalo kuti aonetse oyang'anira masewero pabwalo. Othandiza timu aimbireni foni, asamve pa wailesi. Wapampando wa masapota naye muuzeni ola limodzi chikalata chisanatuluke. Mukamudumpha ameneyu, madzulo ake akhala pa pologalamu ya zamasewero akunena kuti komiti ikubisa zinthu.

Atolankhani ambiri a zamasewero amamvetsa akauzidwa mwaulemu. Atatu kapena anayi omwe amatsatira timu yanu pafupipafupi aimbireni panokha, muwapatse nambala ya wachiwiri kwa a kochi, muwauze nthawi yomwe azipezeka, monga Lachisanu tireningi ikatha. Mtolankhani amafuna mawu oti akaulutse nthawi yake isanathe. Mukampatsa munthu woyankha foni, sakhalanso ndi chifukwa chosakira a kochi.

Tsopano pa wachiwiriyo tikhalitsepo, chifukwa zambiri zimaonongekera apa. Gawani pakamwa pawiri: wachiwiri azilankhula za mpira wokha, inu a Mlembi muziyankha za a kochi. Wachiwiri akafunsidwa za thanzi, yankho likhale limodzi losasintha, monga "A kochi tili nawo, akugwira ntchito, zina afunseni a mlembi." Asanene kuti akupezako bwino kapena sabata ino afooka, chifukwa akanena kamodzi ndiye kuti azifunsidwa sabata iliyonse, ndipo tsiku lomwe adzakane kuyankha anthu adzamva ngati zafika poipa. Azilankhula kuti "ife", osati "ine". Timu ikapambana n'kunena kuti "ndinasintha kaseweredwe chigawo chachiwiri", masapota ayamba kuimba kuti apatsidwe timu. Ikagonja n'kunena kuti "anasankha osewera ndi a kochi", wamponyera moto munthu yemwe sangathe kudziyankhira. Masewero asanayambe, a kochi ndi wachiwiri akhale mphindi khumi kugwirizana mfundo zitatu zoti zinenedwe. Akatha, wachiwiri amve kaye maganizo a a kochi mphindi ziwiri asanapite kwa atolankhani.

Mulembenso pepala lachidule, losainidwa ndi onse awiri ndi wapampando, lonena kuti wachiwiri wagwirizira zolankhula zokha, mphunzitsi wamkulu akadali yemweyo. Zikuoneka ngati zosafunika pakati pa anthu ogwirizana, koma taonani za Spain. Mphunzitsi Luis Enrique adachoka kaye ku timu ya dzikolo mu Malichi 2019 pa zifukwa za m'banja, bungwe lawo silidanene zambiri, ndipo wachiwiri wake Robert Moreno adatenga timu. Mu Juni Luis Enrique adatula pansi udindo, mu Ogasiti mwana wake Xana, wa zaka 9, adamwalira ndi khansa ya m'mafupa. Mbali ya chinsinsi idayenda bwino ndithu, atolankhani adaugwira mtima mpaka bamboyo atalengeza yekha. Koma atabwerera mu Novembala, iye ndi Moreno adasiyana mokangana pa nkhani ya yemwe atsogolere timu. Ngati zidavuta pa anthu omwe adagwira ntchito limodzi zaka zambiri, musaganize kuti kwa inu pakamwa pokha pakwana.

Tsiku la masewero likufuna dongosolo la mapazi, osati la mawu okha. Pa mabwalo ngati Civo kapena Nankhaka, wosewetsa mpira akangoimba wezulo yomaliza atolankhani amalunjika kubenchi. Choncho kukatsala mphindi zisanu timu manejala aime pafupi ndi a kochi. Masewero akatha, a kochi apereke moni kwa mphunzitsi mnzawo monga mwa nthawi zonse, kenako awaperekeze kuchipinda chosinthira kapena kugalimoto, yomwe ikhale itaimikidwa pafupi ndi potulukira. Nthawi yomweyo wachiwiri ndi kaputeni apite okha kwa atolankhani, asadikire kuitanidwa. Maikolofoni ikapeza woilankhula imaima pomwepo. Wina akawatsekereza njira a kochi, oyankha ndi timu manejala, mwaulemu, osakankha munthu kapena kugwira kamera, chifukwa kanema wa zokankhanazo ndi amene angafale kuposa zigoli.

Foni yawo ndi khomo lomwe ambiri amaliiwala. Nambala ya mphunzitsi wa mpira ili ndi mtolankhani aliyense ndi theka la masapota. Agulireni simu ina ya banja, dokotala, inu ndi wachiwiri, ndipo yakaleyo aziyatsa akafuna okha. Atuluke kaye m'magulupu a WhatsApp a masapota, asamawerenge ndemanga za pa Facebook timu ikagonja. Amene amayendetsa tsamba la kalabu azifufuta ndemanga zotchula matenda. Wina akapitiriza kulemba zonyoza kapena zowasautsa, sungani zithunzi za zomwe walembazo, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limakhudza kuzunza munthu pa intaneti.

Za chipepeso ndi thandizo la kuchipatala samalani. Masapota ndi amtima wabwino, koma uthenga wopempha ndalama umayenda ndi chithunzi cha wodwala ndi dzina la matenda, ndipo chinsinsi chonse chimathera pomwepo. Ngati banja lavomera, nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ikhale imodzi, yolengezedwa ndi kalabu, yosungidwa ndi msungichuma, ndipo uthenga ungonena kuti ndi chipepeso. Zithunzi za kuchipatala ayi, ngakhale za osewera atapita kukazonda.

Malipiro awo musawakhudze, ntchito yophunzitsa akugwira. Ngati adzafunike kupumiratu ndipo ali pa kontrakiti yolembedwa ntchito, Employment Act ya 2000 imati wantchito amene watha miyezi 12 ali ndi ufulu wa tchuthi chodwala cha masabata osachepera 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro pachaka, pakakhala kalata ya dokotala. Kalatayo isungidwe ndi munthu mmodzi, isawerengedwe pa msonkhano wa komiti.

Timu ikagonja masewero atatu otsatizana, padzabuka ena m'komiti momwemo onena kuti a kochi atuluke adzafotokoze. Apa wotuluka ndi wapampando, osati munthu amene akulira. Koma inunso muziyang'ana moona mtima ngati kupuma pamaikolofoni kokha kukukwanira. Mukaona kuti akuiwala zomwe anakonza pa tireningi, sakugona, ayamba kumwa mowa kuposa kale, akudumpha masiku a kuchipatala chifukwa cha masewero a kutali, kapena akulankhula zosonyeza kutaya mtima ndi moyo, musadikire tsiku lomwe munaika lija. Lankhulani ndi wachibale amene amamumvera komanso abusa kapena shehe wawo, ndipo aperekezeni kwa alangizi a zamaganizo. Kuno ku Lilongwe thandizo lotere limapezeka ku St John of God ndi ku Bwaila.

Akadzati akonzeka kubwerera, musayambire pabwalo timu itangogonja. Yambani ndi kanema wa mphindi ziwiri wojambulidwa ndi kalabu, momwe angathokoze okha amene adakhuza maliro ndi kunena zomwe akufuna kunena, kamodzi. Kenako mtolankhani mmodzi amene amamukhulupirira, m'kati mwa sabata, mutagwirizana kale kuti mafunso ndi a mpira. Zapabwalo zibwere pomaliza, pa masewero a pakhomo, inu mutaima pambali pawo, ndipo muwauziretu atolankhani kuti mafunso ndi atatu. Pamasewero awiri oyambawo wachiwiri akhalebe pafupi, kuti a kochi akangomukodola, iye apitirize kuyankha.