Musamutengere kutali mphakayo, mwini wake angakhale pafupi

Achemwali, ndawerenga zimene mwalemba, zoti kwa masiku anayi tsopano mphaka wa mawanga oyera ndi akuda wakhala akugona pakhonde panu, ndi wowonda koma saopa anthu, ndipo mukufunsa ngati mumusunge, mumuthamangitse, kapena pali njira yopezera mwini wake. Ndaonanso kuti ena akuuzani kuti mukamusiye kutali kuti asabwerenso. Chonde musachite zimenezo. Mwa zonse zimene mungachite, chimenechi ndicho chingachititse kuti mphakayu asadzabwererenso kwawo.

Ndikunena choncho chifukwa mphaka wosochera kawirikawiri sapita patali. Galu akasowa amatha kuyenda mtunda wautali, koma mphaka akachita mantha amangofuna pobisala pafupi, n'kukhala chete. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2018 pa za amphaka osowa anapeza kuti mwa amene anapezeka, atatu mwa anayi alionse anali asanapitirire mamita 500 kuchokera pamene anasowera. Mtunda umenewu munthu amauyenda mphindi zochepa chabe. Ndiye n'kutheka ndithu kuti amene akulira mphakayu mumakumana naye panjira tsiku ndi tsiku, kungoti iye sadziwa kuti chiweto chake chili kwanu, inunso simudziwa kuti ndi chake.

Mwanena kuti saopa anthu, ndipo mawu amenewa ndiwo andilimbitsa mtima. Mphaka amene anabadwira kutchire kapena m'mabwinja, osagwidwapo ndi munthu ali wamng'ono, sangabwere kudzadzikhuza pamiyendo panu. Amakuyang'anani ali patali, atanyonyomala, salira, ndipo mukasendera amathawa. Nthawi zambiri ubweya wake umakhala wosamalika, chifukwa moyo wodzidalira anauzolowera. Koma mphaka woleredwa pakhomo akasochera amabwera mchira uli m'mwamba, akulira ngati akukuuzani zinazake, amayesa kulowa m'nyumba, ndipo amaoneka wonyankhalala chifukwa sadziwa kudzisakira chakudya. Wanuyo akumveka kuti ndi wa mtundu wachiwiriwu. Alipo munthu amene anamuphunzitsa kukhulupirira anthu.

Palinso amphaka ena amene sanasochere n'komwe, angokhala oyendayenda. Amadya kwawo m'mawa, masana n'kukadyanso kwa ena, usiku n'kukagona kumene kuli kotentha. Njira yodziwira zimenezi ndi yophweka ndipo ine inandithandizapo. Dulani kapepala kakatali, kopyapyala, mulembepo kuti "Ngati mphakayu ndi wanu, imbani nambala iyi", mumuveke m'khosi n'kumata nsonga ziwirizo ndi kaselotepi kakang'ono. Musagwiritse ntchito chingwe, ulusi kapena labala, ndipo selotepiyo isazungulire kapepala konse, chifukwa cholinga n'chakuti akakodwa pa mpanda kapena pa nthambi kapepalako kang'ambike iye n'kupulumuka. Pakati pa khosi ndi kapepala pazilowa zala ziwiri. Kenako musiyeni ayende monga amachitira. Ine ndinachita izi ndi mphaka wina amene ndinkamumvera chisoni kwa sabata yathunthu, ndipo tsiku lotsatira foni inalira. Anali mayi wachikulire wokhala nyumba yachinayi kuchokera kwathu, amene ankadabwa kuti mphaka wawo wayamba kusowa usiku.

Ngati papita masiku awiri kapena atatu popanda woimba, ndipo kapepalako kadakali m'khosi mwake, yambani kuyenda khomo ndi khomo ndi chithunzi chake pa foni. Ndikudziwa kuti ambiri timathamangira kuika pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, ndipo ikanipo ndithu, koma kugogoda pazitseko kumafikira anthu amene intaneti siwafikira, makamaka achikulire, amene ndiwo amakonda kukhala ndi mphaka ngati mnzawo wapanyumba. Funsaninso ana. Ana amadziwa chiweto chilichonse cha m'dera ndi kumene chimakhala kuposa ife akuluakulu. Funsani alonda ausiku, popeza amphaka amayenda kwambiri madzulo ndi m'bandakucha. Funsaninso ngati pali banja limene lasamukira kumene m'dera lanu kapena limene lachokamo posachedwa. Mphaka amakonda malo amene anawazolowera, moti akasamutsidwa amatha kuthawa kunyumba yatsopano n'kumayesa kubwerera kwakale, n'kusochera panjira.

Polemba chidziwitso, kaya pa pepala lokhoma pamtengo kaya pa intaneti, ikani chithunzi chooneka bwino nkhope, tsiku limene munayamba kumuona, dera, ndi nambala ya foni. Nambala ya nyumba yanu musaike. Ndipo musanene zonse za mphakayo. Muyang'anitsitseni mupeze chizindikiro chimodzi chimene sichikuoneka pa chithunzi, kaya ndi banga la pamimba, chipsera pa mwendo, mchira wopindika kunsonga, kapena kungoti ndi wamwamuna kapena wamkazi, ndipo chimenecho chisungeni mumtima. Wina akaimba kuti ndi wake, mufunseni afotokoze yekha, atumizenso zithunzi zakale za mphakayo ali pakhomo pawo. Mwini weniweni sakwiya ndi mafunso otere, amasangalala kuti chiweto chake chili m'manja mwa munthu wosamala. Sikuti aliyense woimba ndi wabodza ayi, ambiri amangolakwitsa chifukwa amphaka oyera ndi akuda amafanana kwambiri, ndipo munthu wosweka mtima amaona wake pa chithunzi chilichonse. Akabwera kudzamuona, musakhale nokha, ndipo onani mmene mphakayo achitire akamva mawu awo. Komabe musaweruze ndi chimenechi chokha. Mphaka wamantha amatha kubisala ngakhale kwa mwini wake kwa kanthawi.

Ngati mungakwanitse, pitani naye kwa dokotala wa ziweto kapena kumalo osamalira nyama zosowa pokhala, mukapemphe kuti amuyeze ngati ali ndi microchip. Aka ndi kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mpunga, kamene amakabaya pansi pa khungu pakati pa mapewa. Simungakaone ndi maso, ndipo sikasonyeza kumene mphaka ali monga amachitira mapu a pa foni. Kamangosunga nambala, imene makina a dokotala amaiwerenga akawayendetsa pamsana, ndipo nambalayo imalumikizana ndi dzina ndi foni ya mwini wake. Kuyezako sikupweteka ndipo sikutenga mphindi. Si amphaka onse ali nako, koma amene ali nako amatha kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Dokotalayo angakuuzeninso msinkhu wake, ngati anathenedwa, ndiponso ngati pali wina anabwerako kudzanena kuti mphaka wake wasowa. Popita musamunyamule m'manja. Phokoso la galimoto limodzi lokha likhoza kumuchititsa kukukandani n'kudumpha, ndiye wasowa kawiri, ulendo uno kumalo kumene sakudziwa. Muikeni m'katoni yolimba yoboola timabowo ta mpweya, mutseke bwino pamwamba.

Yang'ananinso makutu ake. Ngati nsonga ya khutu limodzi, kawirikawiri lamanzere, inadulidwa mowongoka bwino, chimenecho ndi chizindikiro chimene mabungwe osamalira nyama amaika pa mphaka wakunja amene anamugwira, kumuthena kapena kumutseka, n'kumubweza kumalo kwake. Wotereyu mwina alibe mwini mmodzi, koma pamakhala anthu amene amamudyetsa.

Chinthu chimodzi ndikupempheni muchite lero lomwe musanamutsekere m'nyumba: onani kumimba kwake. Ngati ndi wamkazi ndipo mawere ndi otupa, ubweya wozungulira mawerewo utathothoka, ndiye kuti akuyamwitsa, ndipo kuwonda mwanenako kungakhale chifukwa cha zimenezi. Pamenepo pali tiana penapake pafupi timene tikumudikira, ndipo tiana tongobadwa kumene sitingakhale nthawi yaitali popanda mkaka ndi kutentha kwa mayi. Mukamutsekera usiku umodzi wokha mukhoza kupha tianato osadziwa. Mupatseni chakudya panja, mumutsatire chapatali akamachoka.

Za chakudya, chofunika choyamba ndi madzi oyera. Mkaka wa ng'ombe musamupatse, ngakhale ambiri timaganiza kuti ndiwo chakudya cha mphaka. Amphaka ambiri akakula mimba zawo sizigaya mkaka, amatsegula m'mimba, ndipo kwa mphaka wowonda kale zimenezi n'zoopsa. Mupatseni chakudya cha amphaka chogula, kapena nyama kaya nsomba yophika, yopanda mchere ndi minga. Chilichonse chothira anyezi kapena adyo chisamufike, chifukwa zimenezi zimawononga magazi ake. Ngati wakhala ndi njala nthawi yaitali, muzimupatsa pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, osati mbale yodzaza nthawi imodzi. Koma ngati mukuyesa njira ya kapepala ija ndipo sakuoneka wofooka, musamukhutitse kwambiri, kuopa kuti angaiwale zobwerera kwawo.

Mankhwala a anthu musamupatse ngakhale akuoneka kuti akumva ululu. Paracetamol, amene ife timamwa mutu ukamapweteka, kwa mphaka ndi poizoni, ndipo kachidutswa ka piritsi limodzi kakhoza kumupha. Mankhwala a utitiri opangira agalu nawonso musamupake, ambiri ali ndi permethrin amene amachititsa mphaka kunjenjemera ndi kukomoka. Anthu okoma mtima ataya amphaka mwa njira imeneyi akuyesa kuthandiza, ndipo zimandipweteka nthawi zonse ndikamva. Ngati sakudya, akupuma movutikira, akutsimphina kwambiri kapena ali ndi bala, za kufufuza mwini zidikire, pitani naye kwa dokotala kaye.

Dzitetezeninso inuyo ndi ana. Simudziwa ngati analandira katemera, choncho ngati muli ndi ziweto zina asadyere mbale imodzi kapena kugona pamodzi. Sambani m'manja mukamugwira, popeza chipere cha amphaka chimapatsira anthu. Ndipo akaluma kapena kukanda munthu mpaka khungu kung'ambika, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chiwewe sichichokera kwa agalu okha, ndipo zizindikiro zikayamba kuoneka sichichizika. Musamugwire mokakamiza. Khalani pansi, mutambasule dzanja, abwere yekha adzanunkhize.

Mwafunsa ngati mungamusunge. Ine ndinganene kuti mupatseni mwini wake masabata awiri kapena atatu mukufufuza moona mtima, chifukwa anthu amakhala pa ulendo, ena ali m'chipatala, ndipo amene anamusiyira chiweto mwina akuchita mantha kunena kuti chasowa. M'mayiko ena lamulo limafuna kuti munene kwa oyang'anira za ziweto musanatenge nyama yotola kukhala yanu, ndiye mufunse dokotalayo mmene zilili kwanuko. Zonse zikachitika popanda wobwera, ndipo mtima wanu wamukonda, mutengeni, mumubayitse katemera ndi kumuthena kapena kumutseka. Ngati simungathe, funani banja limene lingamusamale, mukaone nokha kumene akupita. Pakadali pano ikani chithunzi chake pagulu pano ndi dzina la dera lanu, tikuthandizeni kufalitsa, ndipo kapepala kaja mumuveke madzulo ano asanachoke pakhondepo.