Inshulansi yabweza ndalama zochepa pa jakisoni wa khansa: yambani mwaona lisiti

Mayi wina wa ku Salima wandilembera imelo. Bambo ake ali ndi khansa ya prostate (kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo), ndipo pakatha miyezi itatu iliyonse amakwera nawo minibasi pa Kamuzu Road kukabayitsa Zoladex kuchipatala cholipira ku Lilongwe. Ulendo uno a inshulansi angobweza gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama za mankhwalawo. Funso lake ndi lakuti, kodi atibera?

Achemwali, mtima pansi kaye. Tulutsani lisiti lija muliyale patebulo.

Zoladex, amene madokotala amati goserelin, si wamadzi ayi. Ndi kanthu konga kambewu ka mpunga, kamene anamwino amakalowetsa pansi pa khungu la pamimba ndi singano yonenepa ndithu (bambo anu akudziwa bwino zimenezi). Kamasungunuka pang'onopang'ono n'kumaletsa thupi kupanga testosterone, homoni ya amuna yomwe khansayi imakulira. Kalipo ka 3.6 mg ka masiku 28, kaliponso ka 10.8 mg ka masabata 12. Tawerengani: 10.8 ndi 3.6 katatu.

Ine ndikuona kuti nkhani yagona pamenepo. Ku America, nambala ya mankhwalawa pa bilu ndi J9202, ndipo imaimira 3.6 mg basi, moti wobayitsa wa miyezi itatu amamulembera 3. Kulikonse kumene mtengo aupimira pa kakang'onoko, kalaliki akangolemba 1, kompyuta ya inshulansi imalipira za mwezi umodzi, osafunsa. Nambala za ku Americazo musapite nazo kukakangana pawindo; inu fufuzani ngati 10.8 mg yalembedwa.

Onaninso nambala ya matenda. Pa mndandanda wa ICD-10 wa bungwe la WHO, khansa ya prostate ndi C61. Ntchito yobayayo nayo imakhala ndi mzere wakewake, wosiyana ndi wa mankhwala.

Pemphani achipatala akupatseni bilu yofotokoza chinthu chilichonse pachokha, akonze polakwikapo, ayitumizenso. Ulendo wotsatira jambulani bokosi la mankhwala pafoni anamwino asanalitaye. Koma tsiku la jakisoni wotsatira lisasunthe poti mukudikira ndalama, chifukwa mukachedwetsa testosterone imayambanso kukwera. Ngati thumba lavuta, uzani adokotala msanga akulembereni kalata yopita ku Kamuzu Central Hospital.